Chitenje cha nkhope za amayi omenyera voti chija ndachivala, ndachichapa, nazi zimene ndaona

Amayi anzanga, ndi inu abambo amene mumagulira akazi anu nsalu, ambiri mwakhala mukundifunsa ku inibokisi za chitenje chija tinavala ndi anzanga a banki nkhonde pa 8 Malichi, Tsiku la Amayi pa Dziko Lonse, chapepo chija chokhala ndi nkhope ya mayi Rose Chibambo pakati, ena mukuti munachigula kuti, ena mukuti kodi sichisuluka, ena mukungofuna mtengo basi, nde ndaona kuti mmalo moyankha mmodzimmodzi bola ndilembe zonse pano kamodzi, zokoma ndi zowawa zomwe, aliyense aone yekha ngati ndalama yake ikuyenera kupita pamenepo. Dzina la shopu sindilemba chifukwa pali zina ndidandaule mmusimu, ndipo eni ake ndi atsikana oti angoyamba kumene bizinesi, sindikufuna madandaulo anga awathamangitsire makasitomala. Ofuna nambala mundipeza kumbali.

Kwa amene bandulo yanu ili pafupi kutha, mwachidule ndi izi: nsaluyo ndi yabwino, ganizo lake ndi labwino kuposa nsaluyo, koma zaka zina zimene analemba mmphepete zikunena theka la nkhani, ndipo pamenepo ndi pamene pakundipweteka.

Kagulidwe kake sikovuta. Shopu ili ku Old Town kuno ku Lilongwe, kachipinda kakang'ono koti ukapanda kufunsa ukhoza kupitirira, koma ambiri amaoda pa WhatsApp, mumatumiza theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, yotsalayo mumapereka katundu akafika. Mameseji amayankha msanga komanso mwaulemu, mtengo amakuuzani pomwepo osazungulira, lisiti amapereka osachita kupempha, zimene msungichuma wathu anakondwera nazo chifukwa ndalama za gulu zimafuna pepala. Vuto linali nthawi. Tinaoda kukadali kutali koma katundu anafika tsiku litayandikira kale, akuti kumene amapulintitsa magetsi amavuta, nde matelala athu ku Area 25 anachita kusoka usiku kuti aliyense avale. Wa kabaza amene anabweretsa analipiridwa ndi eni shopu, ife sitinawonjezere olo tambala, apo ndiwayamikire.

Nsalu yake ndi thonje lenileni, mamita awiri, osati zoterera zija za pulasitiki amagawa nthawi ya kampeni zoti ukavala dzuwa la Okutobala thupi lonse limayabwa. Ndachichapa kangapo ndi sopo wa ufa, koyamba madzi anasintha mtundu pang'ono, kuchokera pamenepo ayi ndithu, pepo wake akadali chimodzimodzi. Chokha muziyanika pamthunzi mutachitembenuza, mzanga wina anachisiya padzuwa tsiku lonse girini wa mmphepete anafwifwa. Ndiye pali nkhani ya kaikidwe ka nkhope, amene munasoketsapo chitenje cha chipani kapena cha mpingo mukulidziwa vutoli, ukamanga mchiuno nkhope ya munthu imakathera kumbuyo, ukati ukhale pansi wamukhalira, apo ayi telala amadula penipeni pa mphuno. Atsikanawa analiganizira, nkhope yaikulu imagwera kutsogolo chammbali, zing'onozing'ono anazitalikitsa moti telala amapeza podula. Ichi chokha chikusonyeza kuti amene anajambula ndi munthu woti chitenje amavala.

Mitundu yake ndi itatu, pepo, girini ndi woyera, ndipo sanangoitola, ndi mitundu imene ankavala amayi a ku Britain a gulu limene Emmeline Pankhurst anayambitsa ku Manchester mu 1903 lomenyera kuti akazi azivota. Pakati pali mayi Chibambo, mozungulira pali nkhope zina zinayi, Kate Sheppard wa ku New Zealand, Pankhurst yemweyo, Lilian Ngoyi wa ku South Africa ndi mayi Joyce Banda. Mmphepete monse analemba mayina a mayiko ndi chaka chimene amayi analoledwa kuvota.

Chimene chinandigwira mtima nditangochitambasula ndi ichi. Katseguleni sutikesi ya amayi anu kapena ya agogo anu, muone zitenje za nkhope zili mmenemo, mupeza kuti pafupifupi zonse ndi nkhope za amuna. Nthawi ya chipani chimodzi amayi ankatchedwa mbumba, Kamuzu ankadzitcha nkhoswe yawo nambala wani, ankatengedwa mmalole kuchokera mmaboma onse kukavina atavala nkhope yake, ena kusiya ana ndi minda. Matipate atabwera mu 1994 anthu ankati zatha, koma nsalu inangosintha mtundu, yachikasu, yabuluu, yofiira, kuvina kuli pomwepo, amayi pafumbi kutsogolo, abambo pamipando pansi pa tenti kudikira maikolofoni. Sindikunyoza amayi ovina ayi, ambiri amachikondadi chipani chawo, ndipo kwa ena chitenje chaulerecho ndi chokhacho chatsopano chimene apeze chaka chimenecho. Koma kuvala nkhope ya mzimayi mnzako amene anavutika kuti iweyo ukhale ndi mawu, popanda wokukweza lole, popanda wokupatsa ya sopo, wagula wekha ndi ndalama yako, kumamveka kwina ndithu mumtima.

Ndipo posankha mayi Chibambo kuti akhale pakati sanalakwitse. Mayiwa anabadwa mu 1928 ku Kafukule ku Mzimba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ali ku Zomba anayamba kusonkhanitsa amayi anzawo nthawi imene misonkhano ya Nyasaland African Congress inali ya amuna, akazi ntchito yawo kuphikira alendo. Iwo anati ayi, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene azungu anatikakamiza mu 1953 chikupweteka tonse, nde tonse tilankhule, mpaka anakhazikitsa nthambi ya amayi mu Congress. Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza za chipwirikiti pa 3 Malichi 1959, tsiku limene timakumbukira pano ngati la anthu ofera dziko, mayi Chibambo anali ndi pakati potopa, anawadikira achire kenako anawamanga mwezi womwewo, kupita nawo ku ndende ya Zomba ndi kakhanda kmanja. Amayi amene munaberekapo tangoganizani, thupi lisanabwerere mmalo, mwana akuyamwa, iwe uli mu selo. Atatuluka sanabwerere kukhitchini, mu 1964 anakhala phungu wa Mzimba South komanso anali ndi udindo mu boma, mzimayi woyamba kufika pamenepo. Chaka chomwecho mu Seputembala nduna zinasemphana ndi Kamuzu pa nkhani zingapo, kuphatikizapo ya tiki, kandalama ka nthawi imeneyo kolipira ku chipatala, iwo anaima mbali ya ndunazo, zotsatira zake anachotsedwa, anathawira ku Zambia, anakhala kumeneko pafupifupi zaka 30 mpaka anabwerera mu 1994. Dziko limene analimenyera ufulu linawathamangitsa lisanathe ndi chaka chodzilamulira. Anamwalira mu Januwale 2016, anaikidwa ku Mzuzu.

Nkhope yawo ili pa K200 kuyambira 2012, timaigwira tsiku ndi tsiku pogula tomato, koma afunseni ana anu kuti ameneyu ndi ndani mumve. Tsiku limene tinavala, mnyamata wogulitsa mayunitsi pa depoti anandiimitsa nkuti, mami, awa si a pa thu handiredi aja? Ndinati ndi omwewo mwanangu, ukuwadziwa dzina? Anapukusa mutu. Ndinamufotokozera mwachidule za ndende ndi khanda, anangoti kukamwa yasa, mzake amene anali pambali mpaka anatulutsa ndalama mthumba kuti ayang'anitsitse. Ngati chitenje chingachititse zimenezi pa depoti, ndalama yanga sinapite pachabe.

Tsopano tibwere mmphepete, pamene pali madandaulo anga.

Zaka zina zili bwinobwino. New Zealand 1893, zoona, ndilo dziko loyamba lodzilamulira kulola amayi kuvota pa chisankho cha aphungu, ndipo sizinangogwa kumwamba, Kate Sheppard ndi anzake anayenda khomo ndi khomo kusainitsa amayi pafupifupi 32,000, mapepala ena anachita kumatidwa pamodzi nkukhala chimpukutu chachitali chimene anakachitambasula mu nyumba ya malamulo, komanso lamulolo linakhudza ndi amayi a mtundu wa Maori omwe, eni nthaka. Finland 1906, zoonanso, kumeneko anawalola kuvota ndi kuimira komwe, chaka chotsatira amayi 19 analowa mu nyumba ya malamulo. Switzerland 1971 anzanga ambiri ankati ndi kulakwitsa kwa makina, dziko lolemera chonchija lingachedwe kuposa Malawi? Koma ndi zoona, ndipo dera lina laling'ono kumeneko linachita kukakamizidwa ndi khoti mu 1990. Kulemera kwa dziko ndi kulemekeza amayi sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Britain analemba 1918. Chaka chimenecho amene analoledwa ndi amayi a zaka 30 kupita mtsogolo okha, komanso okhala ndi nyumba kapena katundu, iwo kapena amuna awo, pamene mwamuna ankavota ali ndi zaka 21. Mtsikana wogwira ntchito mu fakitale, yemwe anapanga zipolopolo nthawi yonse ya nkhondo, anatsala kunja mpaka 1928 pamene anafananitsa onse. Ndipo amayi aja anavutika zedi, kumangidwa, kukana chakudya mndende mpaka kumawathira chakudya mokakamiza ndi paipi pamphuno, Emily Davison anafa mu 1913 atagundidwa ndi hatchi ya mfumu pa mpikisano wa ku Epsom. America analemba 1920, koma amayi akuda ambiri a zigawo za kummwera ankabwezedwa pa kalembera ndi timayeso ta kuwerenga, misonkho ndi ziopsezo, mpaka lamulo la 1965. Izi ndikanatha kungoti chabwino, malo ndi ochepa.

Koma South Africa 1930 ayi, iyi yokha sindingaimeze. Mu 1930 amene analoledwa kuvota ku South Africa ndi amayi achizungu okha. Okha. Ndipo boma la nthawi imeneyo linachita dala, powonjezera mavoti a azungu linkachepetsa mphamvu ya amuna akuda ochepa amene ankavota ku Cape. Mzimayi wakuda anadzavota mu Epulo 1994, patapita zaka 64. Tsono chakachi anachilemba chapafupi ndi nkhope ya Lilian Ngoyi, mayi amene pa 9 Ogasiti 1956 anatsogolera amayi pafupifupi 20,000 kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana lamulo la mapasi lokakamiza anthu akuda kuyenda ndi ziphaso, limodzi ndi Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams, ena ana kumsana, anaima chilili mwakachetechete kwa mphindi 30 pabwalo la boma. Mayi ameneyu anamangidwa, anaikidwa pa ukaidi wosachoka pakhomo zaka zambiri ku Soweto, ankadzidyetsa ndi kusoka pa makina, ndipo anamwalira mu 1980 asanaponyepo voti ya dziko lake olo kamodzi. Nde ine mzimayi wakuda wa ku Area 25 ndivale nkhope yake, pambali pake palembedwe chaka chimene amayi ena anapatsidwa chimene iye anafa akuchifuna? Mwana wa sukulu akawerenga chitenje changa adzati Ngoyi ankavota kuyambira 1930, ndipo bodza limenelo ndidzakhala ndalinyamula ndine mchiuno.

Kenako Malawi 1961. Chakachi mukachifufuza mupeza cholembedwa mmindandanda yambiri, nde si kuti atsikanawa anachipeka, koma tiyeni tione zimene zinachitika. Chisankho cha Ogasiti 1961 chinali ndi kaundula wapawiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo kuti ulembetse pankafunika ndalama zimene umapeza, katundu, kudziwa kulemba ndi kuwerenga kapena udindo ngati wa ufumu. Malawi Congress Party inapambana mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, chinali chisangalalo chachikulu, koma dzifunseni kuti mu 1961 ndi amayi angati ku Kasiya, ku Nkhoma kapena ku Mitundu amene anali ndi malipiro, ndi angati anapita ku sukulu. Chitseko chinatsegulidwa koma amene akanalowa anali owerengeka. Mu 1964 ndi pamene anati aliyense wamkulu avote, mwamuna kaya mkazi, koma voti sinaponyedwe chifukwa oimira chipani onse anadutsa opanda opikisana nawo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 pulezidenti wamuyaya, ndipo anthu atayambanso kuponya voti mu 1978 kunali kusankha pakati pa anthu a chipani chomwecho, ovomerezedwa kale kumwamba. Kulemba 1961 pokha kuli ngati kuitana anthu kuti nsima yapsa pamene mwangotereka madzi pamoto. Amayi anga amanena mpaka lero kuti voti yoyamba imene anaimva kuti ndi yawoyawo inali ya riferendamu, pa 14 Juni 1993, ija ya tambala wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri, analawirira kukadali mdima ndi azakhali anga kukaima pamzere. Kuno ku chigawo chapakati ambiri anavotera tambala, dziko lonse nyali inapambana, koma kaya tambala kaya nyali, mzimayi wa kumudzi amene sanapite ku sukulu anafunsidwa maganizo ake ndipo anawerengedwa. Ndiye pa 17 Meyi 1994 kunabwera chisankho chachikulu, ndipo bungwe loyendetsa chisankhocho linkatsogoleredwa ndi mzimayi, Jasitisi Anastasia Msosa, yemwe mu 2013 anadzakhala mkulu wa majaji woyamba wamkazi. Zaka zimenezi, 1993 ndi 1994, pachitenjepo palibe.

Ndinapita ku shopu kukawauza pamaso, chifukwa kudandaula kumbali eni ake osamva sikuthandiza. Mmodzi anati, anti, ife tinangotenga pa intaneti, mndandanda wake unali choncho. Ndinati mwanangu mndandandawo sunaname, koma sunanene kuti amayi ake ndi ati. Mzake anayankha kuti koma anti chitenje si buku, sitingalembe zonse, anthu amagula chifukwa cha kukongola. Pamenepo ali ndi mfundo, sindikana, palibe amene akufuna kuvala ndime yonse ya mbiri mchiuno. Koma mawu awiri okha, azungu okha, akukwana pamene pali duwa limodzi la mmphepete, ndipo kulemba 1961 ndi 1994 moyandikana sikudya malo. Woyamba uja anatenga kope nkulemba zonse zimene ndinanena, sanakwiye, sanandione ngati kasitomala wovuta, anandifunsanso mafunso ena okhudza 1964. Khalidwe limeneli ndi limene landipangitsa kuti ndilembe ndemanga mmalo mongokhala chete nkusiya kugula.

Dandaulo lina ndi la munthu amene palibe. Vera Chirwa ali kuti? Mzimayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, mmodzi mwa amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 ndi kutsogolera amayi mu chipanimo, nayenso anathawa dziko pambuyo pa mkangano wa 1964. Iye ndi mwamuna wake Orton Chirwa anagwidwa pa 24 Disembala 1981, anazengedwa mlandu woukira boma mu khoti la mafumu limene silinkalola maloya, maloya awiri athunthu kuimbidwa mlandu opanda wowaimira, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, kenako chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Anali mu ndende imodzi ya Zomba koma zaka ndi zaka osaonana, bambo Orton anafera momwemo mu Okutobala 1992, mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993 ndipo mmalo mokapuma anayamba ntchito yomenyera ufulu wa anthu, akaidi ndi amayi. Chitenje cha ku Malawi chokamba za amayi ndi voti chikhale ndi malo a azungu awiri koma chisowe malo a Vera Chirwa? Sheppard ndi Pankhurst ndimawalemekeza, koma mmodzi akanakwana.

Nkhope ya mayi Joyce Banda inabweretsa mtsutso mu gulu lathu, ndipo ndinene poyera kuti amene mukufuna kuodera gulu mukonzekere. Mbiri yake palibe angaifufute, ndi pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino, analumbira kuno ku Lilongwe pa 7 Epulo 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira, pa nthawi imene ena ankafuna kulambalala malamulo kuti asalowe, ndipo lamulo la jenda la 2013 linadutsa iwo ali pampando, lija limati polemba ntchito mu boma amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 aliwonse. Koma ndi mtsogoleri wa chipani, ndipo mu gulu lathu muli amayi a zipani zonse. Amayi apampando anati, ana anga, ine ku mpingo ndikavala ichi akati ndayamba kampeni. Ena awiri anapempha telala kuti nkhopeyo igwere mkati mwa msoko. Ine ndinavala mmene chilili chifukwa ndikuona kuti mpando umene anakhalapo ndi mbiri ya tonse, komabe ndikanakonda shopu ikanakhala ndi mitundu iwiri, wina wopanda wandale amene akadali pabwalo, kuti pasakhale mzimayi wokana chitenje chonse chifukwa cha nkhope imodzi. Anthu oika pamenepo alipo, mayi Msosa, kapena malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza amene anathetsa maukwati a ana ambirimbiri nkuwabwezera ku sukulu.

Mu paketi amaikamo kapepala kofotokoza mbiri ya mayi aliyense, ganizo labwino kwambiri, koma kali mu Chingerezi chokhachokha, tizilembo tating'ono toti amayi apampando anachita kupatsa mdzukulu awawerengere. Mu gulu lathu la amayi ogulitsa mandasi, makala ndi kaunjika, amene amawerenga Chingerezi momasuka ndi ochepa, nde uthenga ukupitanso kwa omwe aja anali nawo kale. Kumasulira mu Chichewa ndi Chitumbuka si ndalama zambiri, olo kungojambula mawu pa foni nkumatumiza pa WhatsApp kwa aliyense wogula. Mtengonso ndi nkhani, ife tinagula K15,000 chimodzi, ndipo ngakhale tinaoda zambiri sanatsitse. Ndikumvetsa kuti thonje ndi lodula ndipo amapulintitsa zochepa, koma ena mwa ife anachita kutenga ngongole mu banki nkhonde momwemo kuti asatsale. Atapanga kampango kakumutu kokha ka nkhope ya mayi Chibambo pa mtengo wotsika, amayi a ku Chinsapo, Mtandire ndi Kauma angagule ambiri.

Ndisaiwale za mtsikana wamng'ono mu gulu lathu, amene mmalo mosoka diresi kapena siketi anasoketsa buluku ndi kajekete, ndipo nsaluyo inakhala bwino zedi, siyikokana, siyionekera mkati. Amayi ena akuluakulu anayamba kung'ung'udza, koma amayi apampando omwewo ndi amene anawakumbutsa kuti pa utsikana wawo buluku linali mlandu, lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993. Ndipo ngakhale lamulo linachoka, mu Januwale 2012 mu tauni muno momwe ndi ku Blantyre amayi anavulidwa pamsewu masanasana chifukwa cha buluku, mpaka amayi anachita kusonkhana kudzudzula nkhanzazo. Ndikaona mu Nyumba ya Malamulo ku City Centre kuja zimandikumbutsa zomwezi, lamulo lilipo, gawo 24 la malamulo aakulu a dziko likunena za ufulu wa amayi momveka bwino, pamzere wovota amayi ndife ambiri, koma mu 2014 aphungu aakazi anali 32 okha pa 193, kutsika kuchoka pa opitirira 40 mu 2009, pamene kampeni ya 50:50 inali mkamwa mwa aliyense. Mu 2019 chiwerengero chinakweranso ndipo Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi, komabe sitinafike olo pa mmodzi mwa anayi aliwonse. Mzimayi akaima pa mapulaimale amafunsidwa kuti mwamuna wake ali kuti, amatukwanidwa za kuchipinda pa msonkhano, ndalama za kampeni alibe, ndipo nthawi zina amene akuimba nyimbo yomunyozayo ndi amayi anzake atavala nkhope ya wopikisana naye.

Kodi mugule? Ine ndikuti gulani, nsalu ndi yolimba, kasokedwe sikavuta, eni ake ndi aulemu ndipo amamva. Koma ngati mukufuna cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala kapena cha masiku 16 olimbana ndi nkhanza amene amayamba pa 25 Novembala, odani kukadali miyezi, musadalire tsiku limene akuuzeni. Afunseni ngati akupatsani pulinti yoyamba kapena yokonzedwa, chifukwa anandiuza kuti akufuna kusintha mmphepete akamaliza zimene zatsala, ndipo katundu akafika tambasulani kaye muwerenge pa South Africa ndi pa Malawi musanatumize ndalama yotsala. Ngati mwapatsidwa yoyamba ndipo mwaikonda, telala akhoza kupinda 1930 ija kuti ilowe mu mpendero, ndi mmene ndachitira changa. Ife a gulu lathu tagwirizana pa msonkhano wa sabata yatha kuti tiodanso, tonse, pokhapokha Vera Chirwa akhalepo ndipo kapepala kaja kabwere mu Chichewa, ndipo msungichuma wawatumizira kale uthengawo.